Kusamukira ku Harare ndi ana: iyambe sukulu, nyumba ibwere pambuyo

Bambo a ana atapeza ntchito pakampani ina ku Msasa, dera la mu Harare ku Zimbabwe, mafunso amene abale ankatifunsa ku Blantyre anali a nyumba okhaokha. Mukakhala kuti? Lendi yake ndi yotani? Kuli mpanda? Za sukulu panalibe wofunsa, chonsecho tinali ndi ana awiri, mtsikana amene anali atangoyamba Sitandade 6 ndi mlongo wake wa zaka 6. Masiku ano munthu akandiimbira kuti nayenso akubwera ku Harare ndi banja, ndimayamba ndamuuza izi: pezani kaye malo a mwana kusukulu, kenako mufune nyumba yoti mwanayo azitha kupita kusukuluko wapansi kapena pa minibasi imodzi, imene kuno amati kombi. Nyumba za lendi zimapezeka mwezi uliwonse. Malo pasukulu yabwino amadzaza chaka chisanathe, ndipo akadzaza mumangoyang'ana ana a anzanu akudutsa m'mayunifolomu.

Nzeru imeneyi si yanga. Anatipatsa ndi azakhali awo a bambo a ana, amene anabadwira konkuno ndipo amakhala ku Tafara. Bambo a azakhaliwo anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo sanabwererenso kumudzi. Ife tinabwera pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, n'kufikira kwa azakhaliwo ndi zikwama zathu. Bambo a ana anali kale ndi manambala a anthu ofunitsa nyumba. Azakhali anamvetsera, kenako anatembenukira kwa ine. "Mtengwa wanga, nyumba sithawa. Mawa muvale bwino, mutenge makalata a anawa, tikayambe kwa aphunzitsi aakulu. Kumene anawa akalandiridwe n'kumene mukakhale." Tinakhala nawo mothinana m'nyumba yawo mpaka nkhani ya sukulu itatheka, ndipo kuthinana kumeneko n'kumene kunatipulumutsa.

Choyamba kudziwa ndi kalendala. Kwathu ku Malawi sukulu zimatsegulira chaka chatsopano mu Seputembala. Kuno chaka chimayamba mu Januwale n'kutha kumayambiriro kwa Disembala, ndipo chili ndi matelemu atatu. Choncho malo a Januwale anthu amayamba kuwalimbirana telemu yachitatu ili mkati. Ngati muli ndi mwayi wosankha nthawi yosamukira, kholo limodzi litsogole cha mu Okutobala kapena Novembala kudzayenda m'masukulu, ana adzabwere mu Disembala. Kufika mu Malichi kapena mu Juni n'kutheka ndithu, koma mumalandira malo amene atsala, osati amene mukufuna.

Chachiwiri ndi makalasi. Kuno mwana amayamba ndi zaka ziwiri za mkaka zimene amazitcha ECD A ndi ECD B, ndipo zimachitikira pasukulu ya pulayimale pomwepo. Kenako Giledi 1 mpaka Giledi 7, pomwe amalemba mayeso a bungwe la ZIMSEC. Kusekondale ndi Fomu 1 mpaka 4, n'kulemba O Level, ndipo ofuna kupita kuyunivesite amawonjezera zaka ziwiri za Fomu 5 ndi 6, n'kulemba A Level. Pulayimale ya kuno ndi ya zaka 7 pomwe yathu ndi ya zaka 8, kotero manambala a makalasi salingana. Apa m'pamene m'nyumba mwathu munabuka mkangano. Aphunzitsi aakulu atamuyesa mtsikana wathu masamu ndi Chingelezi, anatilangiza kuti ayambire Giledi 5. Bambo ake zinawapweteka. Iwo ankaona kuti mwana wa Sitandade 6 akumubweza m'mbuyo, ndipo mwanayo analira usiku umenewo. Koma titakhala pansi n'kuwerengera, tinapeza kuti palibe chaka chimene chikutayika. Ku Malawi zinamutsalira zaka zitatu, Sitandade 6, 7 ndi 8. Kuno zinamutsaliranso zitatu, Giledi 5, 6 ndi 7. Kusekondale akalowa pa msinkhu womwewo. Ndimanena zimenezi kwa kholo lililonse chifukwa ndaona ena akukakamira kuti mwana wochokera mu Sitandade 7 alowe Giledi 7, n'kumuponya m'chaka cha mayeso asanadziwe ngakhale moni wa Chishona.

Chishonacho si nkhani yocheza nayo. M'masukulu a boma a mu Harare chimaphunzitsidwa ngati phunziro, ndipo chilankhulo cha makolo chimalembedwa pamayeso a Giledi 7. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amazindikira zilankhulo 16, ndipo Chichewa chili momwemo, zomwe zimandisangalatsa, koma pasukulu zonse zimene tinayendamo chimene tinapeza m'kalasi ndi Chishona. Mnyamata wathu, amene analowa ECD B, anachitola pabwalo la masewera telemu isanathe, moti ankatimasulira kumsika. Mtsikana anavutika. Kulankhula kunabwera msanga, koma kulemba chimangirizo, miyambi ndi zining'a za Chishona kunafuna munthu womukhalira pansi. Mdzukulu wina wa azakhali, amene anali atamaliza Fomu 4, ankabwera Loweruka lililonse kudzamuwerengetsa, ife n'kumamupatsa ya kombi ndi kangachepe. Pa ndalama zonse zimene tinawononga chaka choyamba, imeneyo ndi imene sindinaidandaule ngakhale pang'ono. Mwana wamkulu amene akubwera kudzalowa sekondale, funsani sukuluyo ngati Chishona n'chokakamiza kwa iye, musanalipire kalikonse.

Makalata abwere nanu kuchokera ku Malawi, musadalire kuti adzatumizidwa. Kalata ya kubadwa ya mwana aliyense, pasipoti yake, malipoti a kusukulu a matelemu apitawo, kalata ya transifa yodindidwa ndi sukulu imene akuchokera, ndi buku la kusikelo la wamng'ono loonetsa katemera. Kalata ya kubadwa kuno amaiona ngati chinthu chachikulu kwambiri. Amaifunsa polembetsa sukulu, amaifunsanso polembetsa mayeso, ngakhale pa mipikisano ya masewera pofuna kutsimikiza zaka za mwana. Ngati ana anu alibe, pitani ku NRB musananyamuke. Mwana wa dziko lina amafunikanso chilolezo cha ku Immigration choti akhale ndi kuphunzira kuno, ndipo ndi bwino nkhani imeneyi iyendere limodzi ndi chilolezo cha ntchito cha kholo. Uzani abwana a kuntchito kuyambira pachiyambi kuti mukubwera ndi ana angati. Funsaninso ku ofesi ya sukulu ngati fizi ya mwana wakunja ndi yofanana ndi ya ena, ndipo yankholo akulembereni papepala.

Masukulu a mu Harare ali m'magulu, ndipo magulu ake anachokera kale. Nthawi ya ulamuliro wa azungu, dziko lisanalandire ufulu mu 1980, kunali sukulu za boma za ana a azungu, zimene zinadzatchedwa Group A, ndi za ana a anthu akuda, zimene zinadzatchedwa Group B. Tsankholo linatha, koma nyumba ndi mabwalo zinatsala pomwe zinali. Sukulu zakale za Group A zili m'tauni ndi m'madera a mayadi, zili ndi mabwalo aakulu, zina ndi maiwe osambira. Kusekondale mayina amene mudzamve ndi monga Prince Edward, Allan Wilson ndi Churchill za anyamata, Girls High, Queen Elizabeth ndi Roosevelt za atsikana. Ndi za boma, choncho fizi yake munthu wa ntchito akhoza kuikwanitsa, ndipo n'chifukwa chake aliyense amazifuna. Palinso sukulu za khonsolo ndi za boma za m'malokeshoni, zotsika mtengo, zokhala ndi ana ochuluka zedi. Kenako za mipingo, ndi zapulayiveti zapamwamba monga St George's College, Arundel ndi Dominican Convent, kumene ana ambiri amalemba mayeso a Cambridge. Zimenezi ife sitinaziyandikire. Ngati kampani yanu imalipirira ana sukulu, kayeseni, koma dziwani kuti nazonso zili ndi mayeso olowera ndi mndandanda wa odikira.

Sukulu za m'malokeshoni musazinyoze musanazione. Ndinakumanako ndi aphunzitsi odzipereka, ndipo ana ambiri a kumeneko amakhoza bwino kuposa a kumayadi. Vuto lake ndi malo. Chifukwa cha kuchuluka kwa ana, zambiri zimachita zimene amati hot seating: gulu lina limalowa m'kalasi m'mawa, lina masana, ndipo amasinthana. Kwa mayi amene ali pakhomo zimenezi n'zopiririka. Kwa makolo amene onse ali pantchito, zikutanthauza kuti mwana wa zaka 7 akhala yekha theka la tsiku, ndipo nthawi yake izisinthasintha. Ine ndinkafuna kuyamba geni, choncho funso limeneli linali loyamba pa sukulu iliyonse.

Pali mtundu wina wa sukulu umene ndikufuna mundimvetse bwino. M'malokeshoni ndi m'tauni mwadzaza timakoleji tapulayiveti, tina m'nyumba zogona, tina pamwamba pa mashopu. Timalandira mwana tsiku lomwelo, popanda mafunso ambiri, ndipo kwa mlendo amene wakanidwa malo kwina timaoneka ngati chipulumutso. Tina n'tabwino ndipo n'tolembetsedwa. Tina ayi. Pa kena kamene tinalowamo, bambo wolandira alendo anatiuza kuti tilipire kaye telemu yonse, makalata tibweretsa pambuyo. Azakhali anangofunsa mafunso awiri: "Tionetseni chiphaso cha ku Unduna wa Maphunziro. Nanga ana anu mayeso a ZIMSEC amalembera pompano kapena kwina?" Bamboyo anayamba kuzungulira, ife tinatuluka. Sukulu imene ilibe nambala yake yolembera mayeso imatumiza ana kukalembera kwina, ndipo pamenepo m'pamene ndalama za mayeso zimasowera m'manja mwa anthu, mwana n'kuzindikira mochedwa kuti dzina lake silinalembetsedwe.

Poyendera sukulu ndinaphunzira kupita nthawi yoweruka, osati m'mawa pamene zonse zili m'malo mwake. Ndinkaima pageti n'kumacheza ndi amayi odikira ana. Iwo ndi amene amakuuza ngati aphunzitsi amabwera masiku onse, ngati mwana amene salipira maphunziro owonjezera amasiyidwa m'mbuyo, ndiponso ngati ndalama za chitukuko zimene komiti ya makolo, ija amati SDC, imatolera zimaoneka ntchito yake. Ndikalowa mkati ndinkapempha kuona zimbudzi ndi pamene ana amamwa madzi. Sukulu imene ili ndi mjigo wake ndi thanki inkakwera pamwamba pa mndandanda wanga ngakhale utoto wake utasuluka.

Mwina mukufunsa kuti mungayambe bwanji ndi sukulu musanapeze nyumba pomwe sukulu za boma zimakonda kulandira ana a m'dera lawo, ndipo zimafuna umboni wa komwe mukukhala. Zoona, amaufuna. Mmene tinachitira ife ndi mmene azakhali anatiuzira: tinapita kwa aphunzitsi aakulu n'kunena chilungamo, kuti tangofika kuchokera ku Malawi, tikukhala kwa achibale, ndipo tikufuna nyumba pafupi ndi sukulu imene ingalandire ana onse awiri. Ena anatiuza mosabisa kuti kwadzaza. Mayi wina, mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ana athu analowa, anati malo a Giledi 5 ndi a ECD B alipo, ndipo atisungira kwa kanthawi ngati tibweretsa kalata ya eni nyumba ya m'dera lomwelo. Anatitchulira ndi misewu yake. Kuyambira tsiku limenelo sitinayang'anenso nyumba za mzinda wonse, tinayang'ana za misewu imeneyo basi. Musabwereke adiresi ya munthu wina. Mungapeze malowo, koma mwana ndi amene adzalipire podzuka usiku tsiku ndi tsiku kuthamangira makombi awiri.

Tsopano za madera. Harare anamangidwa mogawa anthu, ndipo kugawako kukuonekabe. Kumpoto ndi kumpoto chakum'mawa kuli mayadi aakulu: Borrowdale, Mount Pleasant, Highlands, Avondale, Greendale. Kumwera ndi kumadzulo, kufupi ndi mafakitale a ku Workington, Southerton ndi Willowvale, kuli malokeshoni: Mbare, yomwe ndi yakale kuposa onse, Highfield, Glen Norah, Glen View, Budiriro, Mufakose, Kambuzuma, Kuwadzana, Dzivarasekwa. Mabvuku ndi Tafara ali kum'mawa, kupitirira Msasa. Pakati pa magulu awiriwa pali madera apakatikati monga Hatfield, Waterfalls, Mabelreign, Cranborne ndi Msasa Park, komanso mafulati a ku Avenues m'mphepete mwa tauni. Ndiye pali matauni oyandikana nawo amene anthu ake ambiri amagwira ntchito mu Harare: Chitungwiza kumwera, Ruwa kum'mawa, Norton kumadzulo, ndi Epworth.

Mtima wanga unali ku Tafara. Ndinene zoona, sindinkafuna kuchokako. Ku Mabvuku ndi Tafara, monganso ku Mbare, Mufakose ndi Epworth, kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Umamva agogo akulankhula Chichewa chakale pamaliro, umakumana ndi a Phiri ndi a Banda pamsika, gule wamkulu amatuluka, Achawa ali ndi mizikiti yawo. Kwa munthu amene wangosiya amayi ake ku Chilomoni, zimenezi zimatonthoza. Ndiponso ndi kufupi ndi ntchito ya bambo a ana. Chimene chinatichotsako, kupatula kuti malo a sukulu anapezeka kwina, ndi madzi.

Madzi a mu Harare ambiri amachokera ku nyanja ya Chivero, kumadzulo kwa mzinda, n'kuyeretsedwa pa Morton Jaffray. Nyanjayi ili kumunsi kwa mzinda, choncho zonyansa zochokera mumzindamo zimatsikira momwemo, ndipo kuyeretsa madziwo kumadya mankhwala ambiri. Akayeretsedwa amapopedwa kukwera mtunda, ndipo madera a kum'mawa ndi kumpoto, amene ali kumapeto kwa mapaipi, ndi amene amalandira pomaliza kapena osalandira n'komwe. N'chifukwa chake vutoli silisankha olemera ndi osauka. Kusiyana kwake n'kwakuti kumayadi amakumba mjigo pakhomo kapena kugula madzi a m'thanki, pomwe kulokeshoni amayi ndi ana amakafola pamjigo wa onse. Kwa azakhali ndinkadzuka kusanache kukaika zigubu pamzere. Ndinkaona atsikana a msinkhu wa mwana wanga, atavala kale yunifolomu, akukankha wilibala ya zigubu asanapite kusukulu. Azakhali anazolowera, anakulira momwemo, ndipo sankadandaula. Koma iwo omwe ndi amene anandiuza kuti, "Mwana amene akulimbana ndi chilankhulo chatsopano musamuwonjezere mtolo wa madzi."

Choncho poona nyumba musakhutire ndi kuona mpopi. Utsegule, ndipo ukatuluka madzi funsa kuti amatuluka masiku ati pa sabata. Funsani anthu a nyumba yoyandikana nayo, osati eni nyumba okha. Ngati pali chitsime kapena mjigo, funsani ngati umaphwa mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, ndiponso ngati pampu yake imayendera sola kapena magetsi a kampani ya boma ya ZESA, chifukwa magetsi akazima madzinso amaima. Yang'anani ngati pamsewu pakuyenda madzi a m'zimbudzi. Nkhani imeneyi si ya ukhondo wa maso chabe. Kolera wa mu 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, ndipo Budiriro inali pakati pa madera amene anakhudzidwa kwambiri. Mu Seputembala 2018 anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro. Kumadera amenewa kumakhala anthu abwino ndipo ndili ndi anzanga kumeneko, koma kulikonse kumene mungakhale, madzi a pachitsime chosaya muziwiritsa kapena kuthira mankhwala, ngakhale akuoneka oyera.

Mayendedwe ndi ndalama ina imene anthu saiwerengera. Makombi ambiri amathera m'tauni, ndipo mbali iliyonse ya mzinda ili ndi siteji yake: Copacabana, Market Square, Charge Office, ndi ija ya ku Fourth Street. Ngati nyumba ili kumadzulo, ntchito ili kum'mawa, ndiye kuti mukwera kawiri popita, kawiri pobwera, ndi kuyenda wapansi kudutsa tauni pakati pake. Mtengo umakwera nthawi yoweruka ndiponso mvula ikagwa. Lendi ya ku Chitungwiza imaoneka yotsika, koma muwerengere msewu wa Seke m'mawa ndi madzulo, muchulukitse ndi anthu a m'nyumba mwanu amene aziyenda tsiku lililonse. Palinso timagalimoto topanda chilolezo totchedwa mushikashika, timene timapakira anthu mopanikiza. Akuluakulu timakwera tikasowa chochita, koma mwana wanga ndinamuletsa. Musanalipire nyumba, yendani ulendo wa kusukulu ndi wa kuntchito pa nthawi yeniyeni ya m'mawa, tsiku la ntchito. Ulendo wa Lamlungu masana umanamiza.

Lendi kuno imanenedwa m'madola a ku America, ngakhale dziko lili ndi ndalama yake ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024. Eni nyumba ambiri amafuna madola m'manja, ndipo yong'ambika kapena yakuda amatha kuikana. Muzilemberana nthawi iliyonse mukapereka. Kulokeshoni nthawi zambiri mumachita lendi zipinda m'nyumba imene eni ake kapena anthu ena a lendi akukhalamonso, bafa ndi chimbudzi n'zogawana, ndipo pamakhala ndandanda ya kukolopa. Kumadera apakatikati ndi kumayadi chimene munthu wamba amapeza ndi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, amati cottage. Funsani za mita ya magetsi. Magetsi ndi ogula mayunitsi, ndipo mita imodzi ya mabanja atatu ndi gwero la mikangano yosatha. Ambiri amaphikira gasi wogula pa kilogalamu chifukwa magetsi amazimazima, makamaka madzi akatsika ku Kariba. Funsaninso mosapita m'mbali ngati eni nyumba amalola ana ndi alendo. Ena safuna ana, ndipo ndi bwino kumva zimenezo musanatsitse katundu.

Ofunitsa nyumba a pa WhatsApp ndi pa Facebook muwasamale. Wina anatitumizira zithunzi zokongola n'kunena kuti titumize kaye ndalama pafoni kudzera pa EcoCash kuti atipatse adiresi. Alamu anga, mwana wa azakhali, anaseka n'kunena kuti zithunzi zomwezo anaziona kale zikulengezedwa kudera lina. Sitinatumize. Nyumba imene tinalowa tinaipeza kudzera kwa mayi wina wa kumpingo amene mnzake wa kuntchito anali ndi cottage yopanda munthu. Tinaonana ndi eni ake maso ndi maso, tinaona mjigo ukutulutsa madzi, tinalemberana, kenako tinapereka depoziti.

Kwa amene mukuganiza zogula puloti, mawu anga ndi ochepa: musafulumire. M'mphepete mwa mzinda muli malo ambiri amene anagulitsidwa ndi anthu opanda ulamuliro pa malowo, ena m'madambo, opanda misewu, mapaipi ngakhale sukulu. Nyumba zomangidwa pamalo otere zakhala zikugwetsedwa, ndipo akuluakulu kuno sanaiwale za mu 2005, pamene Operation Murambatsvina inagwetsa nyumba ndi timisika tosavomerezeka m'matauni. Khalani kaye pa lendi, mudziwe mzindawu, ndipo pepala lililonse la malo likaonedwe ndi loya komanso ku khonsolo.

Ife tinakhazikika mbali ya Hatfield. Lendi yake inali yokwera kuposa ya zipinda za ku Tafara, ndipo miyezi yoyamba tinadya ndiwo zamasamba kawirikawiri. Koma ana ankayenda wapansi kupita kusukulu, bambo awo sankadutsa m'tauni popita ku Msasa, ndipo madzi anali pakhomo. Titaphatikiza lendi, makombi ndi madzi ogula, kusiyana kwake kunachepa kwambiri. Pa bajeti ya sukulu musawerenge fizi yokha. Pali ndalama ya chitukuko, mabuku, zovala zamasewera, ndi yunifolomu, imene kuno saichitira masewera: chipewa, tayi, masokosi a mtundu wake, ndipo sukulu zambiri zili ndi ya nyengo yotentha ndi ya nyengo yozizira. Harare ali pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo m'mawa wa mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Juzi ndi thirakisuti ya sukulu mugule telemu yachiwiri isanayambe mu Meyi. Makolo ena amagulitsa mayunifolomu amene ana awo akula nawo, ndipo amayi a pageti aja adzakulozerani.

Kuchoka ku Tafara sikunatichotse pakati pa anthu athu. Mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake kuno, Sinodi ya Harare, ndipo Lamlungu loyamba kumva nyimbo za Chichewa m'tchalitchi misozi inatsika. Kumpingo n'kumene ndinapeza nyumba, makasitomala oyamba a geni yanga, ndi amayi amene anandilowetsa m'bungwe lothandizana pa maliro. Bungwe lotere lowani msanga. Maliro a kuchilendo ndi olemera, makamaka ngati thupi liyenera kupita kumudzi. Kukalembetsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi, imene ili mu Harare momwemuno, nakonso n'kothandiza pa nkhani za mapasipoti. M'nyumba mwathu tinagwirizana kuti tizilankhula Chichewa chokha, chifukwa Chishona ndi Chingelezi ana amazipeza kunja tsiku lonse. Adzukulu ambiri a azakhali Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chishona, ndipo azakhaliwo zimawawawa.

Ndiwonjezere mawu kwa abale athu obadwira kuno amene mukusamuka kuchoka kumafamu kapena kumigodi kubwera mu Harare, chifukwa ndakumana nanu ambiri kumpingo. Vuto lanu lalikulu si chilankhulo, ndi makalata. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, anthu ambiri a makolo ochokera ku Malawi anapezeka kuti sakuwerengedwa ngati nzika, ndipo zitupa zawo zinali ndi chilembo cha A. Malamulo a mu 2013, pa gawo 43, amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Koma chitupa sichisintha chokha, muyenera kupita ku ofesi yolembetsa anthu kuti akakusinthireni. Kholo likakhala lopanda chitupa, mwana amavutika kupeza kalata ya kubadwa, ndipo vutolo limadzaonekera pa Giledi 7, nthawi yolembetsa mayeso. Yambani kuyendera makalatawo mwana akadali ku ECD.

Mtsikana wathu tsopano ali mu Giledi 7, ndipo ntchito yofuna sukulu yayambiranso. Zotsatira za mayeso amenewa zimabwera m'mayunitsi, ndipo mayunitsi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza bwino. Malo a Fomu 1 m'sukulu zogonera komweko amafunsiridwa pa intaneti kudzera pa njira ya boma yotchedwa eMAP, pomwe m'sukulu zoyendera mumapita nokha ndi zotsatira zikangotuluka chakumapeto kwa chaka. Bambo ake akufuna yogonera ya mishoni kunja kwa mzinda. Ine ndikufuna akhale pafupi, ngakhale zitatanthauza kombi imodzi yopita m'tauni. Eni nyumba tawauza kale kuti za chaka chamawa tidzawayankha mu Disembala, tikadziwa kumene mwanayu walandiridwa.